Mitengo ya pulojekiti ija kuphiri yatsala ingati?

Mwana_wa_Bua
Akuluakulu, ndili ndi funso, musandimve ngati ndikunyoza munthu. Loweruka ndinapita kumudzi kukaona mayi, m'munsi mwa phiri la Mchinji muja. Popita kudimba ndinadutsa pamalo pomwe zaka zitatu zapitazo tinadzala mitengo ndi bungwe lina lothandizidwa ndi azungu. Tsikulo ndinalipo ine. Kunabwera magalimoto asanu ndi limodzi, matenti, chimkuzamawu, gule anatuluka, ana asukulu anaimba, mlendo wolemekezeka anagwira fosholo yatsopano yomangidwa kansalu kofiira. Tonse tinalandira masikipa obiriwira. Lero chikwangwani chilipo, chachita dzimbiri koma mbendera ziwiri zija zikuonekabe. Pamenepo analemba kuti tinadzala mitengo 10,000. Ine ndinawerenga ndi chala changa: 23, keshya yekhayekha. Kodi ndi kwathu kokha? Nanga chimalakwika n'chiyani? Sikipa yanga ndiye idakali yolimba, ndimagonera.

KabazaWaKamwendo
Sikipa yakhalitsa kuposa nkhalango kkkkk. Akanangotigawira ziwiriziwiri basi.

Nabanda265
Si kwanu kokha achimwene. Kwathu chaku Mkanda mbande zinabwera pa lole kumapeto kwa Febuluwale, zitafota kale ndi mphepo ya pamsewu. Tinadzala tsiku limodzi, mvula inagwa kawiri n'kudula. Pofika Juni munali timitengo touma ngati ndodo za machesi.

Mlangizi_Wopuma
Ana anga, ndagwira ntchito ya zankhalango kuyambira ndili mnyamata mpaka kupuma, ku Kasungu ndi kuno, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Mtengo sufa tsiku lomwe mwaupeza utauma, umakhala unafera kunazale. Machubu amayenera kudzazidwa dothi mu Ogasiti kapena Seputembala, mbewu n'kufesedwa, mbande n'kuthiriridwa miyezi itatu kapena inayi. Muzu ukatulukira pansi pa chubu mumaudula, apo ayi umalowa m'nthaka ndipo tsiku lonyamula mumauthyola. Kukatsala masabata awiri kapena atatu mumachepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande izolowere dzuwa. Ikatero mumaidzala mvula ikakhazikika, Disembala kapena kuchiyambi kwa Januwale, kuti imwe madzi miyezi itatu yathunthu. Boma limati nyengo yodzala mitengo ndi kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma kuno kuchigawo chapakati amene wadzala mu Malichi wangokwirira ndalama.

Tsono chimachitika n'chakuti ndalama za pulojekiti zimatuluka mochedwa. Machubu amafika mu Novembala. Aliyense akudziwa kuti nthawi yatha, koma pepala likuti chaka chino tidzale chiwerengero chakuti, ndiye amakagula mbande kwa munthu wakutali n'kuzikweza pa lole, monga akunenera a Nabanda.

Yopulumuka pamenepo ikumananso ndi adani atatu chilimwe choyamba. Anthu akakolola amamasula mbuzi. Mu Ogasiti anyamata osaka mbewa amatentha tchire. Chiswe nacho chimakonda bulugamu wamng'ono ngati shuga. Kupalira, kutchingira ndi kulambula njira zotchinga moto ndi ntchito ya zaka zitatu, koma ine sindinaonepo mlendo wolemekezeka akubwera kudzatsegulira mwambo wopalira.

Mwana_wa_Bua
Madala, mwayankha theka. Nanga inu alangizi munkangoonerera?

Mlangizi_Wopuma
Funso labwino ndipo silikundikhumudwitsa. Ndinali ndi njinga yakapalasa, midzi yoposa makumi atatu. Lipoti lomwe ankandifunsa linali la mbande zofesedwa ndi zodzalidwa. Kubwererako mu Okutobala kukawerenga yamoyo kunkafuna mafuta omwe panalibe. Komanso ndisaname, ukalemba kuti yambiri yafa amayamba kukuona ngati waulesi ndiwe. Ena tinkalemba zomwe akuluakulu ankafuna kumva.

Chiphwanya
Ndalama zimathera ku Area 10 ndi m'mahotela a ku Salima, nkhani yatha. Ma Land Cruiser amene aja amamwa madzi?

Achemwali_a_kuofesi
A Chiphwanya, ine ndagwira ntchito m'mabungwe amenewa zaka zisanu ndi zinayi, ndiye sindingakane kuti misonkhano ya kunyanja iliko. Koma tisamangoloza chala mbali imodzi. Tinapita kumudzi wina kukakambirana za nazale, funso loyamba linali lakuti “kodi pali kangachepe?” Titati palibe, msonkhano wachiwiri kunabwera azimayi asanu ndi agogo amodzi. Tinapereka mawilibala awiri, makheni ndi mafosholo kukomiti ya zachilengedwe. Patapita miyezi iwiri wilibala imodzi inali kuumba njerwa kwa atcheya, inayo ankabwereketsa kwa ogulitsa makala. Azungu aja amatipatsa zaka zitatu: chaka choyamba chimathera kulemba antchito ndi kugula zipangizo, chachitatu kutseka mabuku. Chodzalira mitengo ndi chaka chimodzi chapakati. Mufuna tichite bwanji?

Mayi_a_komiti
Achemwali, ndikuyankheni ine amene ndinali mukomiti. Tinali azimayi khumi ndi awiri, abambo atatu. Abambo aja anali atcheya, alembi ndi asungichuma. Madzi othirira nazale tinkatunga kumtsinje, kukwera chitunda ndowa ili pamutu, m'mawa ndi madzulo, kuyambira Seputembala mpaka Disembala, nthawi yomweyo n'kumasosanso m'minda mwathu. Sitinalandire ngakhale sopo. Anatiuza kuti ndi chitukuko chathu chomwe. Koma kukabwera kalata ya maphunziro a masiku atatu ku Lilongwe, opita anali abambo atatu aja, pobwera ali ndi mafoni atsopano. Inu munkabwera pagalimoto, mwalandira alawansi ya tsikulo, kudzauza ife osalandira kanthu kuti tisamakonde ndalama. Ndiye amene anatiphunzitsa kufunsa kangachepe ndani?

KabazaWaKamwendo
Eeeh mayi mwalasa pamtima.

Achemwali_a_kuofesi
Mayi, pamenepo ndilibe mawu. Ndi zoona ndipo zinkandivuta ngakhale nthawi imeneyo. Chizolowezicho tinabweretsa ndife a mabungwe, bungwe ili kupereka zambiri kuposa linzake kuti anthu azibwera kwa ilo.

Chiphwanya
Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wakamuka. Mukudabwa chiyani?

Aphunzitsi_Akale
A Chiphwanya, makolo omwewo anatinso mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tisataye zonse. Koma ine ndikumbutse ana a masiku ano kuti kudzala mitengo sikunayambe ndi masikipa. Nthawi ya a Kamuzu, kuyambira 1976, tinali ndi tsiku lodzala mitengo mu Januwale, ndipo pasukulu mwana aliyense anali ndi mtengo wake. Ukafa unkayankha kwa ahedi. Bulugamu ndi malaina amene mumaona pamasukulu akale ndi m'mamishoni ngati ku Ludzi, ku Guillime ndi ku Kachebere sanathiriridwe ndi alawansi. Nkhalango ya Mchinji yomweyi atsamunda anaiteteza mu 1924, ndipo mlonda wa nkhalango akakupeza ndi nkhwangwa m'menemo unkanjenjemera. Demokalase itabwera mu 1994 anthu anamva ngati ufulu ndi kulowa m'phiri.

Jnr_wa_Waliranji
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nthawi imeneyo anthu anali angati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti Mchinji yokha ili ndi anthu oposa 600,000, Kasungu oposa 800,000. Komanso musaiwale kuti nthawi yomweyo mukuitamandayo ndi imene maesiteti a fodya anatenga malo aakulu ku Kasungu ndi kuno. Mabalani a fodya wowotcha ankameza nkhuni usana ndi usiku, ndipo si bulugamu yekha, tsamba ndi mchenga zinathera m'menemo. Ngakhale fodya wa bale amafuna mitengo ya zigafa chaka ndi chaka. Agogo anga anali tenanti, anadula mitengo yambiri kuposa wowotcha makala aliyense amene ndikumudziwa, koma pa lamulo.

Aphunzitsi_Akale
Za maesiteti sindikutsutsa mwana wanga. Ndimangonena kuti mtengo unali ndi mwini.

Makala_Original
Ndinadziwa kuti tifika pa ife. Ndalowa kale, nenani.

Nabanda265
Kkkk bwana Makala, inu ndi amene mwameta phiri.

Makala_Original
Achemwali, ine ndimanyamula matumba atatu panjinga, kunyamuka usiku kuti ndipewe rodibuloko. Amene amagula ndani? Ndi inu a m'tauni, ena a m'maofesi omwewo a zachilengedwe. Magetsi akazima mumaphikira chikwangwani? Gasi mwamuona mtengo wake kwacha itagwa mu Novembala 2023? Lamulo la nkhalango analikhwimitsa, tikudziwa, amzathu ena ali kundende. Koma amene amamangidwa ndi wanjinga. Malole odzaza makala, ophimba ndi tenti, amadutsa pomwepo usiku. Ku Dzalanyama anatumizako mpaka asilikali, makala ku Lilongwe anasowa? Pulojekiti ina inatilemba maina kuti atipatsa ming'oma ya njuchi tisiye makala. Tinalandira ming'oma isanu anthu makumi awiri, popanda chovala chofulira uchi. Uchi umabwera kawiri pachaka, ana amadya tsiku lililonse.

Wa_ku_Chulu
Inu mukulira mitengo, ife kuno kumalire a paki ya Kasungu tikulira njovu. Anabweretsa 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, nazonso ndi ndalama za azungu. Munthu ulime chimanga, usiku umodzi chatha.

Chiphwanya
Njovu zimenezo zinakwera galimoto yabwino kuposa ambulansi ya kwathu.

Admin_Bua
Abale, za njovu ndi nkhani yaikulu, anthu ataya miyoyo, itsegulireni ulusi wake tiikambe mwaulemu. Apa tikhale pa mitengo ya kuphiri.

Wa_ku_Chulu
Pepani a Admin. Koma kuti ndisachoke chimanjamanja: pakiyi kalekale inayamba kulola anthu ozungulira kulowa kukatola matondo ndi kupachika ming'oma. Midzi imene inkapindula nazo inali yoyamba kuthamanga kukazima moto, chifukwa moto wa mochedwa umapha matondo. Munthu amasamala chimene akudyapo.

MwanaWaKaluluma
Pamenepo ndiwonjezere za kwathu. Nkhalango ya Chimaliro, kumpoto kwa Kasungu, inali imodzi mwa malo oyamba m'dziko muno kumene boma linayesera kuyang'anira nkhalango limodzi ndi anthu a m'midzi, cha m'ma 1996, lamulo la 1997 lisanatuluke n'komwe. Anaigawa m'mabuloko, buloko iliyonse ndi komiti yake. Anthu ankalambula malire ndi kutentha udzu msanga usanaumitsitse, iwo n'kumaloledwa kutola nkhuni zouma, udzu wofolera, bowa ndi mankhwala. Mayi anga ankapita ndi chiphaso, osathawanso mlonda. Sindinena kuti zonse zinali bwino. Panali madandaulo a ndalama za ziphaso, komanso anthu ankati tikugwira ntchito ya boma ulere, mitengo ikuluikulu osaloledwa kuigwira. Koma kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko sanayambe ndi machubu. Anayamba ndi funso lakuti ndani aloledwa kutenga chiyani. Pambuyo pake a European Union anadzathandiza ndondomeko yonga yomweyo m'maboma angapo.

Mlangizi_Wopuma
Mwana wa Kaluluma wanena zoona, ndinafikako. Vuto linkabwera pulojekiti ikatha: komiti imakhala yomweyo zaka khumi osasankhanso, mabuku a ndalama osaonetsa kwa anthu, kenako mabuloko ena amasanduka munda wa anthu atatu.

Tsinde_la_Muwanga
Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndikufuna ndikuuzeni za kaphiri ka kwathu, kumbali ya kwa Mavwere, chifukwa ife sitinadzalepo mtengo ngakhale umodzi.

Kaphiriko kanali mbee, miyala yokhayokha ndi zitsa. Mvula ikagwa madzi ankatsika ngati atsegula mpopi, anang'amba chigwembe pakati pa munda wa atsibweni anga chomwe munthu wamtali ankalowa osaoneka. Amfumu anaitanitsa mudzi pabwalo, popanda bungwe lililonse, mlangizi wa boma yekha ndiye analipo. Tinagwirizana zinthu zitatu: m'kaphirimo musalowe nkhwangwa, musalowe moto, musalowe mbuzi kwa zaka zitatu. Wopezeka, nkhuku; kachiwiri, mbuzi. Woyamba kulipa mbuzi anali mphwawo wa amfumu omwewo, ndipo tinaidya pabwalo tonse. Kuyambira tsikulo palibe anayeseranso.

Zitsa zija sizinali zakufa. Chitsa chilichonse chinatulutsa mphukira khumi, makumi awiri. Mlangizi anatiphunzitsa kusiya ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo kudula ndi chikwanje chakuthwa, kudulira chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Zodulazo azimayi ankatenga nkhuni, ndiye palibe ankaona ngati akugwira ntchito yaulere. Muzu wa chitsa ndi wakale, uli pansi penipeni pomwe pali chinyezi, n'chifukwa chake mphukira siopa Okutobala ngati mbande ya m'chubu. Tsopano papita zaka zisanu ndi ziwiri. Muli tsamba, mchenga, muwanga, masuku, maula, mpoza. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera ndi bowa wa ndelema wodzaza beseni, mayi anga anaugwira n'kukhala pansi, akuti anausiya kuuona ali ndi mwana mmodzi. Bowa ameneyo samera pansi pa keshya kapena bulugamu, amafuna mizu ya mitengo yachilengedwe. Chigwembe chija tinatchinga ndi miyala ndi nsungwi, pano chadzaza dothi mpaka m'mawondo.

Bungwe lina linamva, linabwera kudzajambula. Anatifunsa ngati angaike chikwangwani chawo. Amfumu anati ikani kwanu.

KabazaWaKamwendo
Amfumu amenewo ndiwagulire Fanta.

Jnr_wa_Waliranji
Njira imeneyi ndi imene inabwezeretsa mitengo m'minda ya ku Niger, dziko louma kuposa lathu. Tony Rinaudo wa ku Australia anaiyamba m'ma 1980 atatopa ndi kuona mbande zikufa. Kunonso a World Vision ndi ena amaiphunzitsa. Ndiye sikuti mabungwe sakuidziwa.

Achemwali_a_kuofesi
Tikuidziwa, ndipo m'mapulani a boma ilimo. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo palibe amene angakwanitse zimenezo ndi machubu. Koma ndikuuzeni za kuseri. Mphukira zilibe chogula. Mulibe tenda ya machubu, mulibe lole yonyamula mbande, mulibe tsiku loti nduna igwire fosholo. Amene anapereka ndalama ku Ulaya akufuna amve kuti dola imodzi ndi mtengo umodzi. Ukamuuza kuti tinangoletsa mbuzi, akufunsa kuti nanga ndalama zanga mwachita nazo chiyani.

Chiphwanya
Ndiye mwavomera zimene ndinanena zija.

Achemwali_a_kuofesi
Theka lokha. Si onse akuba, ambiri ndi ogwidwa ndi pepala.

Gogo_Nasibeko
Ana inu mukuzungulira. Pitani mudzi uliwonse kuno kwa Achewa, ngakhale kumene kwayera ngati bwalo la mpira, mudzapeza kankhalango kamodzi kobiriwira. Kumanda. Ndani anapereka ndalama kumeneko? Kuli chikwangwani? Aliyense akudziwa mwini wake, akudziwa tsiku lololedwa kudulamo, akudziwanso chimene chingamuchitikire akalowamo mwakuba.

KabazaWaKamwendo
Agogo, ndiye tizikwirira anthu kuphiri kuti mitengo ichuluke?

Gogo_Nasibeko
Iwe mwana, uyambe ndiwe.

Mkamwini_Wofatsa
Poti mwatchula za mwini, ndinene zimene abambo ambiri sanena. Ine ndili pachikamwini. Munda ndi wa akazi anga ndi abale awo. Mlangizi akubwera kuti dzalani mbawa, mudzacheka matabwa pakatha zaka makumi awiri kapena atatu. Ine ndikudziwa kuti mayiwa atati atsogole lero, kapena banja litatha, ndinyamula chikwama changa ndi njinga basi. Ndidzale mbawa ya alamu anga? N'chifukwa chake mbande zaulere timalandira, n'kuzisiya kuseri kwa nkhokwe.

Mayi_a_komiti
Bambo, mbawayo adzacheka ndi ana anu omwe. Kapena anawo si anu?

Mkamwini_Wofatsa
Ana ndi anga, koma mwini mbumba ndi atsibweni awo. Tsiku logulitsa mtengowo adzafunsa ine?

Nabanda265
Abambo a pachikamwini mumapeza chifukwa pa chilichonse. Denga likadontha, chikamwini. Chimbudzi chikagwa, chikamwini.

Mkamwini_Wofatsa
Sekani, koma a pulojekiti akanafunsa zimenezi asanagawe mbande, bwenzi akupereka kwa azimayi eni nthaka, osati kwa ife oyenda ndi chikwama. Kumsonkhano amaitana “mutu wa banja”.

Mlangizi_Wopuma
Bamboyu sakunama, ndinakumana nazo kambirimbiri. Ndipo mitengo imene inkapulumuka kwambiri inali ya pakhomo ndi ya m'munda mwa munthu: mango, mapapaya, gilisidiya wa m'mizere, nsangu. Nsangu ndiye sufuna kukakamiza munthu, umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga pansi pake chimachita kuda bii popanda feteleza wambiri. Ya pamalo a gulu, imene ili ya aliyense, ndi imene inkafa. Mapiri ndiye avutiratu chifukwa phindu la kusamala phiri amadya ndi anthu akutali. Bua amayambira m'mapiri a Mchinji momwemu, kudutsa Kasungu mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Wothirira mpunga kumunsi uko sadziwa n'komwe dzina la mayi amene akuletsedwa kutola nkhuni kuno.

Joni_Boy
Ndili ku Johannesburg koma ndikutsatira. Kodi za kugulitsa mpweya zija zili pati? Mayi anga anapatsidwa chitetezo mbaula, anabwera anyamata kudzaijambula ndi foni, kulemba nambala, akuti mpweya wake ugulitsidwa kunja. Iwo anangotsala ndi mbaula.

Jnr_wa_Waliranji
Mbaulayo ndiye malipiro awo achimwene. Kampani imawerengera nkhuni zimene sizinapse, n'kugulitsa chiwerengerocho kwa makampani akunja amene amaipitsa mpweya. Za mitengo n'chimodzimodzi, koma kumeneko samalani ndi mapepala osainira, ena amamanga malo zaka makumi angapo. Ubwino wake umodzi wokha: amalipira mtengo wamoyo, wakufa alibe nawo ntchito.

Nabanda265
Mbaula ija musainyoze, mtolo umene unkatha masiku atatu pamafuwa umafika sabata. Yanga inasweka mwana ataigwetsa, ndinakagula ina ndi ndalama zanga.

Achemwali_a_kuofesi
Komanso mudziwe kuti nkhani ya azunguyi ikutha yokha. Boma la America litaimitsa thandizo mu Januwale 2025, mapulojekiti ambiri anatsekedwa pakati panjira. Ine pano ndikugulitsa kaunjika. Kumudzi wina kumene tinkagwira ntchito ndinamva kuti azimayi anagawana mbande zotsala m'nazale, aliyense n'kukadzala pakhomo pake. Ndikukhulupirira kuti zimenezo ndi zimene zidzakule.

Aphunzitsi_Akale
Pepani mwana wanga. Koma phiri tisalisiye chifukwa alendo apita. Tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche usiku anthu ali m'tulo.

Makala_Original
Nanga za mthandizi zija, anthu akukumba maswale (ngalande zokola madzi a mvula) ndi kudzala vetiva n'kumalandira ndalama? Kumeneko bola, munthu umagwira ukudziwa kuti pali kanthu, ngakhale zimachedwa miyezi.

Mlangizi_Wopuma
Maswale ndi abwino akakumbidwa motsata kalozera. Ndinaona ena okumbidwa ndi maso, madzi onse anasonkhana mbali imodzi n'kuphulika, chigwembe chatsopano. Ndipo malipiro akatha, ndani amakachotsa dothi lodzazamo?

Mwana_wa_Bua
Abale, ndabwera ndi nkhani. Nditawerenga za a Tsinde ndinaimbira mayi kuwafunsa za mitengo 23 ija. Akuti yonseyo ili m'mphepete mwa munda wa agogo ena amasiye. Tsiku lodzala, anyamata anadumpha malire n'kulowetsa mizere iwiri m'munda mwawo. Agogowo anakadandaula kwa amfumu, amfumu anati basi mitengoyo ndi yanu, mudzadula milimo ya nyumba. Iwo anaitchingira ndi minga ya mthethe, ankaipalira polima chimanga, madzi otsukira mbale ankapita nawo komweko. Ndiyo yatsalayo.

Koma chimene chandipweteka ndi china. Mayi andikumbutsa kuti sabata yokonzekera mwambo, anatilemba ganyu yolambula malowo kuti maenje akumbike m'mizere yowongoka, alendo aone bwino. Ndi zoona, ndinagwira nawo chikwanje masiku awiri. Zimene tinkatchetchazo zinali mphukira za tsamba ndi masuku, zina zofika m'mapewa. Zitsa zina tinazitentha.

Gogo_Nasibeko
Mayo ine.

Tsinde_la_Muwanga
Achimwene musadzimenye kwambiri, zomwe sizinapse zaphukanso, ndikulonjezani. Mukapita mukayang'ane pansi, osati pachikwangwani.

Mwana_wa_Bua
Mayi akuti zilipo zambiri, mbuzi ndi zomwe zikubudula nsonga. Ndipita kumapeto kwa mwezi ndikayambe ndaonana ndi amfumu. Madala a Mlangizi, kudulira kuja nthawi yabwino ndi iti? Nanga malowo poti ali kunja kwa malire a nkhalango ya boma, tikufunikabe kalata?

Mlangizi_Wopuma
Ngati ali kunja kwa malire ndi malo a amfumu, iwo ndi amene angawapatule kukhala nkhalango ya m'mudzi. Koma pitani ku ofesi ya zankhalango paboma akakutumizireni mlangizi, muyende naye m'malire, malamulo anu alembedwe ndi kusainidwa, kuti tsiku logwira munthu musadzakangane. Musayambe ndi kudulira. Yambani ndi njira yotchinga moto mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, kenako nkhani ya mbuzi, imene ndi yovuta kuposa zonse chifukwa eni mbuzi zambiri ndi omwe amakhala pafupi ndi amfumu. Kudulira mudzachite chaka chamawa, mphukira zikafika m'chiuno. Ndipo mukomitimo muikemo agogo amasiye aja.

Mayi_a_komiti
Usungichuma apatse mzimayi ulendo uno.

Makala_Original
Nkhuni zodulirazo mukadzachuluka nazo mundiuze.

Nabanda265
Inu bwana Makala musayandikireko!

KabazaWaKamwendo
A Mwana_wa_Bua, mukatsika pa Kamwendo mundiimbire, ndikakusiyani mpaka pachikwangwani. Mtengo tikambirana, koma muvale sikipa ija kuti ndikuzindikireni.